Token mu laibulale ya app ya pafoni: aigwire ndani, akaitenge ndani?

Aliyense amene analembapo laibulale yoti anzake aziigwiritsa ntchito popanga ma app a pafoni, tsiku lina amakumana ndi nkhani iyi. Laibulale ikulankhula ndi seva, seva ikufuna kudziwa kuti akulankhulayo ndani, choncho pakufunika token, kachiphaso ka zilembo kosonyeza kuti wolankhulayo waloledwa. Mukaiona patali ntchitoyi imaoneka yochepa: pa pempho lililonse muike mzere umodzi, mawu akuti Authorization: Bearer kenako token ija, monga RFC 6750, chimodzi mwa zikalata zokhazikitsa kachitidwe ka pa intaneti, inakhazikitsira mu 2012. Mzerewo ngakhale wongoyamba kumene angaulembe. Pagona nkhani ndi pa mafunso atatu amene ali kuseri kwake: token ichokera kuti, isungidwa pati, ndipo ikatha mphamvu ntchito ili mkati, ndani athamange kukatenga ina?

Mayankho a mafunso amenewa amagawa ma laibulale m'magulu anayi. Ndiwayendera onse, koma kumene ndaima sindibisa: laibulale izipempha token, isakhale mwini wake wa token.

Kupatsidwa token kamodzi, basi

Apa wopanga app amapereka token poyambitsa laibulale, laibulale n'kumaimata pa pempho lililonse. Munthu amaona zotsatira nthawi yomweyo, ndipo poyesera zinthu palibe njira yopepuka kuposa iyi.

Koma token imatha. Access token ya Google, ndiye kuti token yomatidwa pa pempho ija, imakhala pafupifupi ola limodzi, ID token ya Firebase chimodzimodzi. Ola likakwana seva imayankha 401, nambala yonena kuti token yakanidwa, ndipo laibulale imasowa kolowera. Opanga app amachita chimodzi mwa ziwiri. Ena amapha laibulale n'kuidzutsanso ndi token yatsopano, mapempho amene anali m'njira n'kutayika. Ena amapempha eni seva kuti awapatse token yosatha, ndipo sipatenga nthawi wina asanailembe m'kati mwa code. Fayilo ya APK, imene app ya Android imagawidwamo, ndi zip chabe. Aliyense angaitsitse, kuimasula, n'kuwerenga zam'kati. N'chifukwa chake RFC 8252 ya mu 2017 imati app ya pafoni ionedwe ngati public client, kutanthauza kuti chinsinsi chimene chagawidwa pamodzi ndi app sichinsinsinso. Njirayi isiyeni ikhale ya zitsanzo ndi mayeso.

Laibulale ilandire dzina ndi pasiwedi

Iyi imakopa chifukwa imam'komera wopanga app. Iye amajambula tsamba lake lolowera monga akufunira, amapereka imelo ndi pasiwedi kwa laibulale, laibulale n'kubwera ndi token. Mu OAuth 2.0 ya mu 2012, RFC 6749, imene ndi ndondomeko yoperekera ma token kwa ma app, njira imeneyi inalimo, dzina lake resource owner password credentials. Mu Januwale 2025 bungwe la IETF linatulutsa RFC 9700, chikalata chofotokoza kagwiritsidwe ntchito kotetezeka ka OAuth, ndipo chinanena mosapita m'mbali kuti njirayi isagwiritsidwenso ntchito.

Chifukwa choyamba n'chodziwikiratu. Pasiwedi ya munthu ikudutsa m'manja mwa app, m'manja mwa laibulale yanu, komanso pafupi ndi ma laibulale ena onse okhala mu app imeneyo, kuphatikizapo amene amatola ma log ndi kutumiza malipoti app ikagwa. Chachiwiri chimapweteka pakapita nthawi. Tsiku limene eni seva adzati tsopano pakufunika nambala yotsimikizira, kapena passkey (njira yolowera popanda pasiwedi), kapena kulowa kudzera ku Google ndi Apple, kakhomo kanu ka imelo ndi pasiwedi kadzachepa. Mudzayamba kuboola timakomo tina, ndipo chatsopano chilichonse chidzafuna kuti ma app onse atulutse mtundu wina, anthunso autsitse, zomwe ambiri amazengereza.

Njirayi ili ndi m'bale wake: kutsegula tsamba lolowera m'kati mwa WebView, kazenera koonetsa masamba a pa intaneti kokhala m'kati mwa app momwemo. Imaoneka ngati yazemba vutolo, koma ayi. App imene yatsegula WebView ikhoza kuona zimene munthu akulemba m'menemo ndi ma cookie ake, ndipo munthuyo alibe poonera adiresi kuti atsimikize ngati tsambalo ndi lenileni. Google inatseka khomo limeneli mu 2017. Oumirirabe amalandira uthenga wakuti disallowed_useragent.

Laibulale iyendetse yokha OAuth yonse

Tsopano tafika pa njira yolemekezeka. Laibulale imatsegula browser ya foni, osati yake: pa iOS ndi ASWebAuthenticationSession, imene inabwera ndi iOS 12, pa Android ndi Custom Tabs. Munthu amalowa pa tsamba lenileni la seva, kumene app singasuzumire. Akamaliza, browser imabwerera ku app itanyamula authorization code, imene imagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo laibulale imaisinthanitsa ndi access token ndi refresh token, imene ntchito yake ndi kutengera access token yatsopano yakale ikatha.

Pobwerera paja ndi pamene mbava zinkabisalira. App ina yoipa inkatha kulembetsa adiresi yobwererera yofanana ndi yanu, n'kulanda code ija. Mankhwala ake ndi PKCE, RFC 7636 ya mu 2015. Laibulale isanatsegule browser imapanga mawu achisawawa a zilembo 43 mpaka 128, imawapera ndi SHA-256, n'kutumiza zotsatira zake zokha. Posinthanitsa code ndi token ndi pamene imaonetsa mawu enieni aja. Wolanda code alibe mawuwo, choncho chimene wagwira n'chopanda ntchito. Kuonjezera apo, adiresi yobwererera ya https yotsimikizidwa kudzera mu App Links pa Android kapena Universal Links pa iOS ndi yovuta kuilanda kuyerekeza ndi adiresi yongodzipangira.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti seva ikasintha kalowedwe, app siisintha kanthu. Passkey ibwere, nambala yotsimikizira ibwere, zonse zimachitikira mu browser. Komanso simuyenera kulemba zonsezi kuyambira pansi, chifukwa AppAuth, laibulale yogwira ntchitoyi ya pansi pa OpenID Foundation, ilipo ya Android ndi iOS yomwe.

Vuto lake si chitetezo ayi, koma ulamuliro. Laibulale ndi mlendo m'nyumba ya app, ndipo apa mlendo wayamba kusunga makiyi a pakhomo. Ma app ambiri amene angafune laibulale yanu ali kale ndi kalowedwe kawo. Mukabwera ndi kanu, munthu amalowa kawiri, ndipo pamakhala ma session awiri osadziwana: watuluka mu app koma mu laibulale akadali mkati. Mumafunanso kuti wopanga app akhudze AndroidManifest ndi zokonza za pa iOS, ndi kuti akupatseni zenera loti mutsegulirepo browser, pamene mwina laibulale yanu ntchito yake ndi yongotumiza mafayilo mwakachetechete. Ngati seva ndi yanu, maakaunti ndi anu, ndipo kulowetsa anthu ndiyo ntchito yeniyeni ya laibulale, tengani njira iyi osacheuka. Ngati sichoncho, pitirirani.

Laibulale ipemphe token nthawi iliyonse ikaifuna

M'njira iyi wopanga app sapereka token. Amapereka function imene laibulale iziitana ikafuna token, imene ambiri amaitcha token provider. Kumene function imeneyo ikaitenge token si nkhani ya laibulale: kaya ku AppAuth, kaya ku Firebase, kaya ku seva ya kampani imene ili ndi kachitidwe kake kakale. Laibulale siona pasiwedi, siona refresh token, sisunga kanthu pa foni. Munthu akatuluka mu app, function imaleka kupereka token, nkhani yatha.

Mwina mukuti ndangokankhira ntchito kwa wina. Mbali ina n'zoona, ndipo ndiko kufooka kwa njirayi: wopanga app wosasamala adzalemba function yobweza token yakale yomweyo nthawi zonse. Koma ntchito yovuta kwenikweni imatsalabe kwa inu, ndipo ndi yokhudza kutenganso token. Apa ndichedwepo.

Function ija ikhale yoti laibulale ingaidikire osaimitsa app, chifukwa nthawi zina ipita pa intaneti. Ikhalenso ndi njira youzidwira kuti token imene inapereka yakanidwa. Firebase inachita izi ndi getIdToken, imene mungaiuze kuti ikakamize kutenga yatsopano. Ine ndimakonda kuti laibulale ibweze token yokanidwayo kwa function. Ikatero function imayerekeza: ngati imene ili nayo tsopano ndi yosiyana ndi yokanidwayo, ndiye kuti wina watenga kale yatsopano, ingoipereka osapitanso ku seva.

Kuyerekeza kumeneku kukuoneka kwachabe mpaka mutaona zimene zimachitika app ikatsegulidwa m'mawa. Tsamba loyamba limatumiza mapempho, tinene khumi, nthawi imodzi, onse ndi token yakufa. Onse amabwerera ndi 401. Laibulale yosaganiza bwino imatuma onse khumi kukatenga token yatsopano. Kale zimenezi zinali kungowononga data. Lero zimatulutsa munthu mu app, chifukwa RFC 9700 imati refresh token ya public client iyenera kukhala yomangiriridwa kwa mwini wake kapena yosinthidwa nthawi iliyonse ikagwiritsidwa ntchito. Pa seva yosintha, refresh token yakale imafa yatsopano ikangotuluka, ndipo yakufayo ikabweranso seva imaganiza kuti yabedwa, n'kupha ndi yatsopano yomwe. Pempho loyamba lapambana, lachiwiri lafika ndi yakufa, seva yatseka zonse. Munthu amangoona tsamba lolowera osadziwa chimene walakwa. Ine vuto limeneli linandidyera masiku angapo, chifukwa pa kompyuta yoyesera, pamene netiweki ndi yachangu, silinkaoneka n'komwe.

Choncho wopita kukatenga token akhale mmodzi, ena onse adikire yankho lake. Mu Kotlin mungagwiritse ntchito Mutex, loko wolola mmodzi yekha kulowa nthawi imodzi. Mu Swift ambiri amaganiza kuti actor yokha yakwana, koma actor imalola wina kulowa pamene woyamba waima pa await. Muyenera kusunga Task imene ikutenga token ija kuti obwera pambuyo aidikire iyo yomweyo. Pa OkHttp, laibulale yotumizira mapempho pa Android, malo ake ndi Authenticator, imene imaitanidwa seva ikayankha 401, ndipo ikhoza kuitanidwa ndi ma thread angapo nthawi imodzi. Alamofire, inzake ya pa iOS, ili ndi AuthenticationInterceptor yogwira ntchito yofananayo. Kumbukiraninso kuti loko wa m'kati mwa process imodzi saletsa process ina. Ngati app ya iOS ili ndi extension yogawana nayo token, awiriwo akhoza kulimbirana chimodzimodzi.

Pempho lokanidwa libwerezedwe kamodzi kokha. Likakanidwanso ndi token yatsopano, imani, uzani app. Popanda malire amenewa laibulale imazungulira mpaka batire litatha. Ndipo si kukana kulikonse kumene kumafuna token ina: 401 ikutanthauza kuti token yatha kapena ndi yolakwika, pamene 403 ikutanthauza kuti seva yakudziwani koma chimene mwapemphacho simuloledwa. Pa 403 token yatsopano sithandiza.

Kusiyanitsa kwina kumene ma laibulale ambiri amakuphonya ndi uku: kulephera kutenga token chifukwa netiweki yaduka n'kosiyana ndi kukanidwa ndi seva. Seva ikati invalid_grant, refresh token yafadi, munthu alowenso. Koma ngati foni yangolowa mu chikepe kapena m'malo opanda netiweki, musafufute kanthu, dikirani, mudzayesanso. Function ya wopanga app ikhale ndi njira yonenera zinthu ziwirizi mosiyana, apo ayi iye adzangobweza null pa zonse, inu n'kumalota. Pali ndi kamsampha kena: pempho lafika ku seva, refresh token yasinthidwa, koma yankho latayika m'njira. Foni yatsala ndi yakufa. Ma seva ena amalola kamphindi koti yakale igwirebe ntchito chifukwa cha zoterezi, koma kumbali ya foni chimene wosunga refresh token angachite ndi kusunga yatsopano ikangofika, asanachite china chilichonse.

Ena amakonda kutenga token yatsopano yakale isanathe, kuti 401 asamuone n'komwe. Ndi nzeru yabwino, bola musakhulupirire wotchi ya foni. Anthu amaisintha, ndipo ina imangosokonekera yokha. Yankho la seva limabwera ndi expires_in, chiwerengero cha masekondi amene token ikhale ndi moyo; werengani kuyambira pamene yankho lafika, n'kuchotsapo pang'ono. Ngakhale mutatero njira ya 401 isachoke, popeza seva ikhoza kupha token nthawi yake isanakwane.

Zing'onozing'ono zitatu ndingozitchula. Seva ikakutumizani ku adiresi ya host ina, token isatsatire. Ma log asaonetse mzere wa Authorization. HttpLoggingInterceptor ya OkHttp ili ndi redactHeader pa chifukwa chomwechi. Ndipo ngati laibulale imatsegula WebSocket imene imakhala maola ambiri, ganiziranitu chochita token ikatha kulumikizana kukadalipo.

JWT kapena token yosawerengeka?

Mtsutso uwu umatenga nthawi yambiri m'misonkhano, koma kwa wolemba laibulale ya pafoni yankho lake ndi lalifupi: token musaitsegule. Access token inalembedwera seva, osati inu. JWT (JSON Web Token), mtundu wa token wa mu RFC 7519 ya mu 2015, ili ndi zigawo zitatu zolekanitsidwa ndi madontho, ndipo nthawi zambiri imakhala yosainidwa chabe, yosabisidwa. Aliyense angawerenge zam'kati. Zimenezi zimakopa wolemba laibulale kuti asuzumiremo kuona dzina la munthu kapena nthawi yothera. Mukatero mwamanga laibulale yanu pa mtundu umodzi wa token, ndipo tsiku limene eni seva adzausintha, ma app onse adzagwa pamodzi.

Kusankha pakati pa ziwirizi ndi mutu wa eni seva. JWT seva imaitsimikiza yokha osafunsa kwina, koma kuipha nthawi isanakwane n'kovuta, n'chifukwa chake imapatsidwa moyo waufupi. Token yosawerengeka imaphedwa mosavuta, koma seva imayenera kuifufuza pa pempho lililonse. Ngati app ikufuna kudziwa amene walowa, OpenID Connect ya mu 2014 inabweretsa ID token pa ntchito imeneyo. Iyo ndi yoti app iwerenge, ndipo sindiyo yoyenera kulowa m'malo mwa access token pokhapokha eni seva atakonza choncho, monga achitira a Firebase. Amene akutsimikiza JWT asalembe yekha code yake; mu 2015 ma laibulale angapo anapezeka akuvomereza token imene yangolemba kuti alg ndi none, kutanthauza yopanda siginecha.

Posungira

Mukasankha njira yachinayi, funso ili si lanu. Mukasankha yachitatu, ndi lanu lonse, ndipo ndi chifukwa china chimene ndimaiopera.

Pa iOS malo ake ndi Keychain, koma pali misampha iwiri. Woyamba: mukapanda kusankha, chinthu chosungidwa chimawerengeka pokhapokha foni ili yotsegula. Laibulale ikadzuka kuseri foni ili yokhoma, kuwerenga kumalephera, ndipo code yosasamala imamasulira kulepherako kuti token palibe, n'kutulutsa munthu. Ntchito za kuseri zimafuna kSecAttrAccessibleAfterFirstUnlock. Wachiwiri: zosungidwa mu Keychain zimatsala ngakhale app itachotsedwa, choncho munthu akaiikanso akhoza kupezeka walowa kale ndi akaunti yakale.

Pa Android, Keystore imasunga makiyi, osati ma token. Mumapanga kiyi ya AES m'menemo, zimene zinayamba kutheka ndi Android 6.0, n'kubisa token ndi kiyi imeneyo, n'kusunga zobisikazo mu fayilo. Msampha wake ndi Auto Backup, imene inabweranso ndi Android 6.0: fayilo imakoperedwa ku foni yatsopano koma kiyi imatsala ku yakale. Fayiloyo ichotseni pa mndandanda wa zokoperedwa, ndipo code yanu ikalephera kumasula isagwetse app, ingoti munthu alowenso.

Ndiye tisankhe iti?

Phata la laibulale likhale njira yachinayi. Yachitatu ikhale kagawo kapadera, kosakakamiza, kamene ntchito yake ndi kungopereka function ija kwa amene alibe kalowedwe kawo. Yoyamba imatuluka yokha mwaulere, popeza function yobweza token imodzimodzi ndi mzere umodzi. Yachiwiri musaitsegulire khomo, ngakhale wina atachonderera kuti ndi ya kanthawi kochepa.

Chatsala chimodzi, ndipo chimakhudza kaonekedwe ka function ija kuyambira tsiku loyamba. Bearer token ili ngati ndalama: amene waitola ndiye mwini wake. DPoP, RFC 9449 ya mu 2023, inabwera kudzasintha zimenezi. Foni imapanga makiyi awiri, yachinsinsi n'kukhala mu Secure Enclave kapena mu Keystore kumene singatulutsidwe, ndipo token imamangiriridwa ku makiyi amenewo. Pa pempho lililonse foni imasaina kachikalata kakang'ono konena method ndi adiresi ya pempholo, nthawi yake, ndi chidindo cha token yomwe, n'kukatumiza pa mzere wina wotchedwa DPoP. Mawu akuti Bearer pa mzere wa Authorization nawonso amasintha n'kukhala DPoP. Wakuba token popanda kiyi sapita nayo kulikonse.

Taonani tsopano: function imene imangobweza token ngati mawu chabe singakwanitse zimenezi, chifukwa siidziwa adiresi ya pempho, ndipo ili ndi malo a mzere umodzi wokha. Seva ikhozanso kubweza nonce, mawu osankhidwa ndi seva yomweyo, imene iyenera kulowa mu siginecha yotsatira. Kusintha function anthu atayamba kale kuigwiritsa ntchito ndi kuswa ma app awo. Choncho ngakhale seva yanu lero ikudziwa Bearer yekha, lembani function yolandira method ndi adiresi ya pempho, yobweza mizere yonse yoti iikidwe pamwamba pa pempholo, ndi yolandiranso yankho la seva pamene yakana. Kwa ofuna zophweka, ikani pamwamba pake kachivundikiro kolandira token yokha.